Mwana wamtali wa zala zitalizitali: kajambulitseni mtima wake



Pali maliro ena amene amandiwawa kwambiri monga namwino. Mnyamata wamtali, wosadwaladwala, akukoka khoka, wangogwira pachifuwa n'kugwa. Pofika kuchipatala watisiya. Pamaliropo anthu ayamba kunong'ona, zala n'kuloza agogo. Chonsecho amalume ake a mnyamatayo anapitanso chimodzimodzi, nawonso anali aatali.

Imfa zina zotere zimabwera ndi matenda akumtundu otchedwa Marfan. Dzinali ndi la dokotala wa ku France, Antoine Marfan, amene anawafotokoza mu 1896. Amapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 5,000. Kholo likakhala nawo, mwana aliyense ali ndi mwayi wa theka wowatengera, wamkazi kapena wamwamuna. Ena amabadwa nawo ngakhale makolo alibe.

Matendawa amafooketsa tiulusi timene timamanga ndi kulimbitsa ziwalo za thupi. Choopsa kwambiri chili pa mtsempha waukulu wotulutsa magazi mumtima, umene achipatala timautcha aorta. Khoma lake limatanuka pang'onopang'ono ngati chubu cha njinga chimene chafufuma mbali imodzi. Sizipweteka. Munthu amadya, amalima, amapalasa bwato, mpaka tsiku limene mtsemphawo wang'ambika.

Flo Hyman, katswiri wa volebo wa ku America, anamwalira motero mu 1986 masewera ali mkati ku Japan, ali ndi zaka 31. Zinadziwika atamwalira kale kuti anali ndi Marfan.

Ndiye amayi, muyang'aneni mwana wanu. Kodi akatambasula manja, kutalika kwa manjawo kumaposa msinkhu wake? Akafumbata chala chachikulu, kodi chimatulukira mbali inayo? Kodi chifuwa chinalowa mkati kapena chinatulukira kunja? Msana ndi wokhota? Amavutika kuona pabolodi kusukulu? Kutalika pakokha si matenda ayi. Koma zingapo mwa zimenezi zikakumana, makamaka ngati kumtundu wina anafa mwadzidzidzi akadali wamng'ono, musazengereze.

Kumvetsera pachifuwa ndi kuyeza bipi sikungatiuze kukula kwa mtsemphawu. Pamafunika kujambula mtima, kumene timati eko. Ndi sikani yofanana ndi ija ya amayi oyembekezera: apaka mafuta oterera pachifuwa, ayendetsa kachipangizo, mtima n'kuoneka pa kompyuta. Palibe jakisoni, palibe kubaya. Mbali ya mtsempha imene eko saifikira amaiona ndi CT kapena MRI.

Dokotala amayeza kukula kwa mtsemphawo. Kwa munthu wamkulu nthawi zambiri sufika masentimita 4. Kwa wa Marfan ukafika pa 5, madokotala amalangiza opaleshoni usanang'ambike. Pemphani kuti nambalayo ilembedwe m'buku lanu la kuchipatala, ndipo bukulo mulisunge ngati ndalama. Chithunzi chimodzi sichikwana. Munthu amajambulidwa chaka ndi chaka kuti aone ngati nambala ija ikukwera.

Yambirani pachipatala chapafupi, mufotokoze zizindikirozo ndi mbiri ya kumtundu, osabisa. Akulemberani kalata yopita ku Mangochi, kuchoka uko ku Zomba Central kapena ku Queens ku Blantyre. Ndikudziwa kuti ndalama yoyendera ndi yovuta, usipa ukasowa m'nyumba mumakhala mouma. Koma amalume, inu eni mbumba, sonkhanitsani abale monga mumachitira pamaliro. Mmodzi akapezeka nawo, makolo ake, abale ake a bere limodzi ndi ana ake akayezedwenso.

Opaleshoniyi ndi yaikulu, ambiri amakachitira kunja monga ku India. Mwina mukuti nanga tijambuliranji? Chifukwa pali zambiri zotheka kuno komwe. Mankhwala monga atenolol ndi losartan amachedwetsa kutanuka kwa mtsempha. Bipi isamaloledwe kukwera. Ntchito zogwira munthu atabanika, monga kukoka khoka ndi kunyamula matumba a chimanga, azisiyire ena. Iye atha kusoka maukonde kapena kugulitsa nsomba.

Inu amayi amene muli ndi zizindikirozi, mimba imalemetsa mtima. Jambulitsani musanatenge pakati. Ngati muli kale oyembekezera, nenani kusikelo lero lomwe, chifukwa muyenera kujambulidwa kangapo ndi kukachirira kuchipatala chachikulu. Losartan samwa munthu woyembekezera.

Wina akamva ululu wadzidzidzi ngati china chang'ambika pachifuwa n'kulasa kumsana, thamangani naye kuchipatala, osayamba mwapita kwina. Mukafika nenani kuti kwanu kuli Marfan.

Mukatha kuwerenga, khalani pansi ndi agogo muwafunse: kumtundu kwathu ndani anapita mwadzidzidzi, ndipo ankaoneka bwanji? Uthengawu awerengereninso anzanu amene alibe foni.