Seketi yanga inangoti zii chifukwa cha nambala 3



Amene anaphunzitsapo za mafunde a mawu akulidziwa vuto lake. Timajambula mzere wokhotakhota pa bolodi, n'kunena kuti frequency ikakwera liwu nalo limakwera, ana n'kukopera m'makope, basi. Makutu awo samva kanthu. Pasukulu pathu palibe signal generator, ndiye pa tchuthi chapitachi ndinaganiza zopanga ndekha kachipangizo kotulutsa liwu limodzi losalala, koti a Folomu 3 adzamve teremu ikayamba. Za op amp ndinkangoziwerenga m'mabuku. Aka kanali koyamba kuigwira ndi manja.

Ndinasankha seketi yotchedwa Wien bridge oscillator poti sifuna zambiri: chip ya 741, maresistor, macapacitor awiri ndi mabatire awiri a 9V. Masamu ake ndi a mwana wa sekondale, f = 1/(2πRC). Ndi R ya 10k ndi C ya 10nF timapeza pafupifupi 1,590 Hz. Macapacitor ndinazula mu wailesi yakufa, aja olembedwa 103.

Ndinalumikiza zonse pa breadboard, n'kuvala mahedifoni. Zii.

Seketi yagoli ikafa umaona utsi kapena babu lozima, koma iyi imangokhala duu ngati yabwinobwino. Chimene chinandithandiza ndi multimeter, kuyeza mwendo umodziumodzi wa chip. Ambiri mwa mabuku athu amajambula op amp ngati katatu kokhala ndi mizere itatu, osaonetsa kumene magetsi akulowera. Pa 741, mwendo wa 7 umafuna +9V, wa 4 umafuna -9V, ndipo pamene mabatire awiri akumanirana ndiye ground. Apa zonse zinali bwino. Mwendo wa 6, wotulutsa mawu, unkaonetsa pafupifupi 0V. Izi zinandiuza kuti chip ili moyo, chifukwa waya wa feedback ukaduka mwendo umenewu umathawira kumtunda kapena kumunsi, pafupi ndi mphamvu ya batire. Miyendo ya 2 ndi 3 sinasinthane. Nanga vuto lili pati?

Vuto linali pa nambala 3. Maresistor ndi macapacitor a Wien amabweza ku mwendo wa 3 gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene zatuluka. Ndiye kuti op amp iyenera kukuza katatu kuti ibwezere zimene zatayika. Chithunzi chimene ndinkatsatira chinati 20k ndi 10k, ndipo 1 + 20/10 ndi 3 ndendende. Pa pepala palibe chokayikitsa. Koma resistor ya kamzere kagolide imaloledwa kuphonya ndi 5 peresenti. Nditayeza, ya 20k inali 19.4k, ya 10k inali 10.3k. Werengani nokha, mupeza 2.88. Gain ikachepera pa 3, kafunde kalikonse kamene kayamba kamachepa pa ulendo uliwonse mpaka kuzimirira. Komanso macapacitor awiri aja akasiyana kukula, nambala yofunikayo imasuntha, mwina kufika 3.2.

Nditaika 22k m'malo mwa 20k, seketi inalira nthawi yomweyo. Koma kulira kwake! Liwu lokhakhala ngati mavu atsekeredwa m'chitini. Gain ikapitirira 3, funde limakula mpaka kugunda malire a batire, nsonga zake n'kuphwanyika, ndipo limakhala lamakona. Ndinayesa potentiometer kuti ndipeze pakati. Umapotoza pang'ono, liwu likusalala, usanakhale pansi lazima kapena layambanso kukhakhala. Nambala 3 yeniyeni palibe amene angaigwire ndi zala.

Apa m'pamene mbiri ya seketiyi inandikomera. Mlatho wake anaupanga Max Wien wa ku Germany mu 1891, koma unali woyezera chabe. William Hewlett, ali wophunzira ku Stanford, ndi amene mu 1939 anaonetsa njira yothetsera vuto lomweli limene linandigoneka mochedwa. Anaika kababu kakang'ono m'malo mwa resistor yam'munsi. Funde likakula kababuko kamatentha, resistance yake imakwera, gain n'kutsika yokha. Funde likachepa kamazizira, gain n'kukwera. Chipangizocho, HP 200A, ndicho chinali katundu woyamba wa kampani ya Hewlett-Packard, ndipo a Disney anagula zisanu ndi zitatu za mtundu wa 200B pokonza filimu ya Fantasia ya 1940. Inu aphunzitsi a Fizikisi, taonani: phunziro lija lakuti waya wa babu ukatentha resistance imakwera, limene ana amaloweza monyinyirika, ndi limene linayambitsa kampani yonseyo.

Babu la tochi silinandithandize, limafuna magetsi ochuluka kuposa amene 741 ingapereke, poti iyo imalekezera cha m'ma 25mA. N'chifukwa chakenso musailumikize mwachindunji ku sipika ya 8 ohms. Ikani LM386 pakati, kapena mahedifoni odzera pa resistor ya 1k monga ndinachitira ine. M'malo mwa babu ndinagwiritsa ntchito madiode awiri a 1N4148. Resistor ya 22k ndinaichotsa n'kuika 18k ndi 4.7k motsatizana, kenako madiode awiriwo, loyang'ana uku lina uko, ndinawaika mbali ndi mbali ndi ya 4.7k. Poyatsa, gain imakhala pamwamba pa 3 ndipo seketi imadzuka msanga. Funde likakula, madiode amayamba kudutsitsa magetsi, gain n'kutsikira pa 3 payokha. Sizosalala kwenikweni ngati za babu, koma khutu silingadandaule.

Oscilloscope tilibe, ndiye ndinabwereka foni ya aphunzitsi a kwaya, ili ndi pulogalamu yotchunira gitala. Inaonetsa liwu la G, lokwera pang'ono pa 1,568 Hz. Masamu ndi khutu zagwirizana.

Tsopano ndikufunafuna macapacitor awiri a 104. Ndikawasinthanitsa ndi a 103, frequency iyenera kutsika kakhumi, kufika cha m'ma 159 Hz, ndipo ndikufuna ana awerengere okha nambalayo ndisanayatse. Ana anga akale amene mukukonza mawailesi ndi mafoni m'tauni, mukawapeza awiri ofanana mundisungire, pamodzi ndi LM386 imodzi, kuti a kumbuyo kwa kalasi nawonso adzamve.