Kadontho Kamodzi pa Nyimbo ya Fuko

Ntchito yanga ndi yolemba manotsi a nyimbo. Sindipeka nyimbo ayi. Ndimatenga imene wina anapeka kale, n'kuikopera bwinobwino papepala kuti kwaya iphunzire. Kuno ku Mecanhelas, kuchokera ku Insaca mpaka kumidzi ya m'mphepete mwa nyanja za Chilwa ndi Chiuta, makwaya a m'matchalitchi ndi ambiri, koma odziwa kuwerenga manotsi a pa mizere isanu ndi ochepa. Ambiri timagwiritsa ntchito solofa: d, r, m, f, s, l, t.

Njira imeneyi inayambira ku England. Mayi Sarah Glover a ku Norwich ndiwo anaiyambitsa, ndipo mbusa John Curwen anaikonza n'kuifalitsa m'zaka za m'ma 1840. Amishoni anaibweretsa ku Africa chifukwa sifuna piyano kapena makina apadera osindikizira. Choko ndi bolodi n'zokwanira. Enoch Sontonga naye, pamene ankapeka Nkosi Sikelel' iAfrika ku Johannesburg mu 1897, analemba m'solofa, ndipo maimbidwe akewo ndi amene nyimbo ya fuko ya Zambia imatsatira mpaka lero.

Munthu wosadziwa akaona pepala langa amayesa ndi zilembo zongomwazika. Komatu chizindikiro chilichonse chili ndi udindo wake. Mzere woima umagawa nyimbo m'zipinda. Madontho awiri amalekanitsa kugunda kumodzi ndi kunzake. Kadontho kamodzi kamadula kugundako pakati. Kamzere kogona kamauza woimba kuti akoke mawu. Ndiye pali kanambala kakang'ono kwambiri kamene timalemba pambali pa chilembo: kakakhala m'munsi, mawu atsike, kakakhala m'mwamba, akwere. Kakangosowa pa s mmodzi wa besi, abambo amene amayenera kutsika amakwera, n'kukagundana ndi atena. Mukaiwala e pa fe, amene ndi f wokwezedwa pang'ono, nyimbo imawawasa m'makutu, oimba osadziwa chimene chalakwika.

N'chifukwa chake ndimalemba liwu limodzi panthawi, sopulano poyamba, kenaka aluto, tena ndi besi, ndipo mzere uliwonse ndimauimba ndisanapite pa wotsatira. Ndikamaliza ndimawerenga kugunda kwa m'chipinda chilichonse ndi chala, kuyambira kumapeto kubwerera kumayambiriro, chifukwa maso akazolowera nyimbo amaona zimene mutu ukuyembekeza, osati zimene dzanja lalemba. Pomaliza ndimaitana oimba anayi amene nyimboyo saidziwa bwino kuti aimbe zimene zili papepalapo basi. Woidziwa kale amakonza cholakwa ndi pakamwa pake osazindikira, ndipo cholakwacho chimatsala papepala.

Pa nyimbo zonse, imene ndimaigwira mwamantha ndi ya fuko lathu. Pátria Amada inakhazikitsidwa mu 2002, m'malo mwa Viva, Viva a FRELIMO ya Justino Chemane imene dziko linkaimba kuyambira pa ufulu wa 1975. Akuluakulu a kuno anakula ndi yakaleyo, ndipo yatsopanoyi anaiphunzira pa wailesi kapena kwa ana awo. Ife a m'malire tilinso ndi ina m'makutu: ya Malawi, imene Michael Sauka anapeka ndipo inayamba kuimbidwa mu 1964. Anthu amene amadutsa pa Entre Lagos kupita ku Nayuchi kukaona abale kapena kukagula katundu amaidziwa bwino. Khutu limene lazolowera nyimbo zingapo limasakaniza mosavuta, choncho pepala lolondola ndilo mboni yokhayo pakabuka mkangano.

Vuto lina lili pa mawu. Nyimbo ya fuko ili m'Chipwitikizi, pomwe lilime lathu limakonda kumaliza phatikizo lililonse ndi liwu la a, e, i, o kapena u. Ana akakumana ndi zilembo zopanikizana amaikapo i pakati, phatikizo limodzi n'kusanduka awiri, ndipo nyimbo imayamba kutsimphina chifukwa notsi imodzi yasenza katundu wa ziwiri. Wolemba manotsi ayenera kuika phatikizo lililonse pansi pa notsi yake ndendende, kuti mphunzitsi aone pamene ana ayenera kufulumira.

Chaka china, tikukonzekera chikondwerero cha ufulu cha pa 25 Juni, mphunzitsi wina anandibweretsera pepala lotayipidwa pa kompyuta kutauni, loyera bwino, lokhala ndi mbendera pamwamba. Wotayipayo sankadziwa nyimbo, ndipo tinambala tonse ta m'munsi anatisiya poyesa ndi litsiro. Pepalalo linali litajambulidwa kale pa fotokope n'kugawidwa m'masukulu angapo. Nditanena kuti ndi lolakwika, anthu anandiyang'ana modabwa: “Abambo, chosindikizidwa chingalakwe bwanji?” Pamenepo m'pamene pagona ngozi. Cholakwa cha dzanja chimathera m'kwaya imodzi. Cholakwa cha makina chimabala ana, ndipo anthu amachikhulupirira chifukwa chavala bwino. Chikakhala pa buku la sukulu, pa ndalama kapena pa pasipoti imene munthu amaonetsa pachipata cha dziko la eni, ndiye kuti fuko lonse lasainira.

Anyamata awiri amene ndikuwaphunzitsa ntchitoyi ali ndi mafoni, ndipo amatha kumvera nyimbo ya fuko nthawi iliyonse. Zimenezi zimathandiza kwambiri, koma foni imangoimba, siiuza wa aluto pamene walowera molakwika. Ndimawauza kuti aliyense wofuna kusindikiza manotsi, kaya ndi ofesi ya boma kaya ndi tchalitchi, ayambe wapeza woimba wodziwa kuwerenga, amupatse pepalalo, amvetsere. Sizitenga ola lathunthu. Ana a sukulu amaimba nyimboyi m'mawa ataima chilili, ndipo chimene tawapatsa papepala ndi chimene adzaphunzitse ana awo.