Ndisanalembe, ndimayamba ndaimba foni

Lidali Lachinayi madzulo, tsamba loyamba litatsala pang'ono kupita kosindikiza, pomwe mtolankhani wathu wachinyamata adalowa ali wefuwefu, foni ili m'manja.

"Akulu, yaphulika! Taonani iyi."

Chidali chikalata chomwe chimazungulira pa WhatsApp, chonena kuti mkulu wina wa m'boma wachotsedwa ntchito. Chizindikiro cha boma pamwamba, chidindo m'munsi, siginecha yokhotakhota bwinobwino. Ndidachikulitsa ndi zala ziwiri n'kuyamba kuchiyang'ana ngati ndikusankha mpunga m'lichero. Deti lomwe adalembapo lidagwa Lamulungu. Amene amati wasainayo ndimamudziwa, adamusamutsa mu ofesi imeneyo kalekale. Mneneri wa unduna wa mkuluyo sadayankhe foni, monga mwa masiku onse, ndiye ndidaimbira dalaivala wa mkuluyo yemwe tidapatsana manambala pamaliro.

"Bwanawo? Ndangowatula kumene kunyumba. Akuti mawa ndikawatenge 7 koloko."

Nkhani idafera pomwepo. Mnyamata uja nkhope idagwa, poti anzake adali ataimwaza kale pa Facebook. Ndidamuuza zomwe nane adandiuza ndikuyamba ntchito: wina akakutsina khutu, sulemba mpaka wachiwiri, wosadziwana ndi woyambayo, anene zomwezo. Paja kandimverere adakanena za m'maluwa.

Utolankhani ndidauyamba mu 1993, chaka cha riferendamu, nyuzipepala zikumera ngati bowa. Amene adatiphunzitsa adakhwimira m'nthawi ya Kamuzu, wailesi ili MBC yokha, Daily Times ndi Malawi News zikuimba nyimbo imodzi, ndende ya Mikuyu ikudikira aliyense wolemba mokhota. Akuluakulu amenewa amayamba ayang'ana kukhomo asanatchule dzina la nduna, ngakhale zinthu zitasintha kale. Ife timawaseka. Iwo amangotikumbutsa kuti mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo pa 8 Marichi 1992, nyumba yosindikizira ya ku Balaka idatenthedwa.

Kuseka kudatha pa 20 Julayi 2011. Anthu pafupifupi 20 adafa pa zionetsero, MACRA idaletsa mawailesi kuulutsa zomwe zimachitika m'misewu, atolankhani anzathu n'kumenyedwa ku Lilongwe. Chaka chotsatira Bingu wa Mutharika adamwalira pa 5 Epulo, koma boma lidavomera pa 7. Masiku awiri amenewo, mphekesera za pa intaneti ndizo zimanena zoona, nduna zili kalikiliki kubisa maliro. Kuchokera pamenepo za pa foni sindizitaya ndisanazifufuze, za boma sindizimeza ndisanazitafune.

Chomwe sindidzaiwala ndi nkhani ya anamapopa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Bodza lidayenda pakamwa ndi pa foni, anthu osalakwa n'kuphedwa. Nditapita kumeneko ndidasiya chikwama ndi kamera m'galimoto, chifukwa mlendo wonyamula chikwama amaoneka ngati wabisamo zopopera magazi. Ndidayamba ndalonjera kwa amfumu, n'kukhala pamphasa mpaka dzuwa kupendeka. Aliyense amalumbira kuti anamapopa alipo. Ndikafunsa kuti wawaona ndani, yankho limakhala lakuti mlamu wa uje wa mudzi wa patsidya. Ndikafika patsidyapo, amandilozera patsidya pena. Ndidalemba zimenezo basi, kuti ndayenda midzi ingapo osapeza ndi mmodzi yemwe woona ndi maso ake. Ena adandinena kuti boma landidyetsa chibanzi.

Za chibanzizo, tisanamizane, zilipo pakati pathu. Kaenvulopu ka chimpondamthengo kamene timalandira pakutha pa msonkhano wa atolankhani kapha nkhani zambiri mwakachetechete, popanda wapolisi kugogoda pakhomo. Malipiro athu ndi ochepa, inde, koma wadya za eni amalemba atawerama.

Apolisiwo nawo sadasiye. Mu Epulo 2022 adagwira Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism, n'kumulanda foni ndi kompyuta, pofuna kudziwa yemwe adamupatsa chikalata cha nkhani yomwe adalemba. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga wa m'boma lidali litayamba kale kugwira ntchito mu 2020, koma foni ya mtolankhani idalandidwabe. M'foni mwanga simungapeze dzina lenileni la munthu wonditsina khutu. Mupezamo "Wamakala", "Malume a ku Ntcheu" ndi "Telala". Nkhani ikakhala yoopsa timakumana pamsika, mafoni titawasiya kunyumba.

Inu owerenga, chikalata chikakufikani pa gulu la mpingo kapena la kumudzi, yang'anani deti ndi dzina la wosaina musanachitumize kwa ena. Ndipo mukaona kuti ndachedwa ndi nkhani yomwe mwaiwerenga kale pa foni, mundipirire, ndiye kuti munthu wachiwiri uja sanayankhe.