Cipupa Codziwa Kuti Ndi Cipupa

Pa pepala, cipupa ndi mizere iwiri yoyandikana. Ndi zimene ndimaphunzitsa ana a ku sekondale m'phunziro la Design and Technology kuno ku Lusaka, ndipo inenso ndinazimva kwa amalume anga, amene akhala akujambula mapulani a nyumba kwa zaka zoposa 30. Mizereyo siidziwa kanthu. Woiwerenga ndiye amadziwa kuti apa padzalowa mabuloko a mainchesi 6, apo padzakhala windo. AutoCAD itafika m'maofesi, amalume anasiya pensulo n'kugwira kompyuta, koma mizere inakhalabe mizere.

Caka cino kampani imene amagwirako nchito, ya anthu osakwana 10, yaganiza zoyamba njira yochedwa Building Information Modelling, mwacidule BIM. Atamva dzinalo koyamba, amalume anati iwo bimu imene aidziwa ndi ija ya konkire yozungulira pamwamba pa mawindo. Anaseka, koma osati kwambiri.

M'mapulogalamu monga Revit ndi ArchiCAD munthu sajambula mizere. Amaimika cipupa, ndipo cipupaco cimasunga msinkhu wake, kunenepa kwake ndi zomangira zake. Mukasuntha citseko pa pulani ya pansi, cimasunthanso pa cithunzi ca kutsogolo kwa nyumba, pa cithunzi coonetsa mkati, ngakhalenso pa mndandanda wa zitseko zofunika kugula. Kale amalume ankasintha mapepala onsewo limodzi ndi limodzi, ndipo pepala loiwalika ndi limene linali kufika kwa womanga.

Cimene candikopa ine ndi ca mapaipi. Aliyense amene anayendapo m'nyumba zimene zikumangidwa ku Chalala anaonapo zipupa zatsopano zitagobedwa ndi chizulo, pulasitala asanaume n'komwe. Pulamba wafika mocedwa, wapeza kuti paipi yake ilibe podutsa. Nthawi zina cimene cam'tsekera ndi bimu ija ya konkire, ndiye amaigoba mpaka zitsulo kuonekera, mwini nyumba osadziwa. Mu BIM, wojambula nyumba, injiniya wa zitsulo ndi konkire, wa magetsi ndi wa mapaipi, aliyense amaika gawo lake m'nyumba imodzi ya m'kompyuta, ndipo kompyutayo imaloza paliponse pamene zinthu zagundana. Mkangano umene ukanacitikira pa malo omangira umacitikira mu ofesi, pamene kugwetsa cipupa sikuwononga thumba la simenti ngakhale limodzi. N'cifukwa cake boma la Britain linalamula kuti kuyambira mu 2016 nchito zake zomanga ziziyendera njira imeneyi, ndipo mu 2018 kunatuluka muyezo wa maiko onse, ISO 19650. Abwana a kampani ya amalume akuti nchito zikuluzikulu zayamba kuwadutsa cifukwa cosowa zimenezi, ndipo ine sindiwatsutsa.

Mtengo wake ndi wowawa. Laisensi ya Revit siigulidwa kamodzi. Imalipiridwa caka ndi caka, m'madola, pomwe makasitomala amalipira m'makwacha. Pafunikanso makompyuta amphamvu, ndi magetsi oti azikhalapo, cinthu cimene tonse tinaphunzira kusacidalira mu 2024 madzi atacepa ku Kariba.

Koma nkhawa yanga ili pa amalume. Kampaniyo yalemba nchito mtsikana amene wangomaliza maphunziro ku Copperbelt University, ndipo m'masiku atatu amaimika nyumba imene iwo akanaijambula milungu iwiri. Abwana akaona zimenezi amayamba kuwerenga malipiro. Cimene sawerenga n'cakuti kompyuta imakhulupirira ciliconse cimene mwaiuza. Zitseko zobwera m'pulogalamu zili ndi miyezo ya kumene pulogalamuyo inapangidwira, pamene felemu yeniyeni idzaocheredwa m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga. Buloko ya m'kompyuta ndi yofanana ndi inzake. Ya pa malo omangira imadalira cikombole ca amene anaiumba. Amalume amadziwa madera a Lusaka amene mwala uli pafupi moti kukumba maziko kudzadya ndalama zosayembekezeka, amene madzi amakwera m'dzinja, ndiponso kupendekeka kwa denga la malata kumene mvula ya mu Januwale imakuseka. BIM imafuna kuti zonsezi zigamulidwe poyambirira penipeni, nyumba ikali m'kompyuta. Conco munthu wodziwa zimenezi akufunika msanga kuposa kale. Kampani imene ingam'cotse kuti ipeze ndalama ya laisensi idzakhala ndi nyumba zokongola za m'kompyuta zimene kapitao adzazikonza yekha ndi chizulo.

Kapitaoyo nayenso tisamuiwale. Iye amalandira pulani ngati cithunzi ca pa WhatsApp. Mwini nyumba akabwera pa Ciweru n'kunena kuti cipinda ca ana cikule pang'ono, cimakula tsiku lomwelo, ndipo palibe amene amauza kompyuta. Kuyambira pamenepo nyumba zimakhala ziwiri, ina ya mu ofesi, ina ya pa dothi.

Makompyuta a pa sukulu yathu sangakwanitse kuyendetsa Revit, ngakhale kuti Autodesk imaipereka kwaulere kwa ophunzira. Ndiye ndimagawa ana m'magulu: awa ajambule zipupa, awa mapaipi, awa mawaya, gulu lililonse pa pepala lake loonekera. Kenako timasanjikiza mapepalawo pa galasi la windo. Temu yatha, gulu lina linapeza paipi ya ku cimbudzi itadutsa pakati pa citseko ca ku khichini. Phokoso linabuka loti mphunzitsi wa kalasi yoyandikana anabwera kudzafunsa ngati kuli ndewu.

Amalume apatsidwa mpaka Disembala kuti aphunzire pulogalamuyo. Masiku ano amatsalira mu ofesi madzulo ndi mtsikana uja. Iye amawaonetsa mmene cipupa cimaimikidwira, iwo amamuuza cifukwa cake cipupaco sicingaime pamene waciika. Amawaitana kuti atate. Sabata yatha anathera madzulo onse akuika m'kompyuta felemu ya citseko ya ku Kalingalinga, miyezo yake atacita kukaipima ndi tepi.