Ku Crossness, komwe madzi oipa a mu London amathera

Alendo ambiri akafika ku London amathamangira kukaona nyumba ya mfumu. Ife tinakwera sitima mpaka ku Abbey Wood, n'kulowera kumtsinje wa Thames kukaona komwe kumathera madzi a m'zimbudzi. Malowo dzina lake ndi Crossness. Mphuno ndi zimene zinayamba kutiuza kuti tayandikira.

Tinayamba ndi nyumba yakale ya injini, imene inatsegulidwa mu 1865. Mkati mwake mumaoneka ngati m'tchalitchi: zitsulo zopindidwa mwaluso, zopakidwa utoto wofiira, wobiriwira ndi wagolide. Pa zokongoletsazo pali nkhuyu ndi zipatso za senna, zonse zothandiza munthu akadzimbidwa, ndipo titazindikira zimenezi tinaseka. Muli injini zinayi zoyendera nthunzi, ndipo imodzi, yotchedwa Prince Consort, anaikonza moti imayendanso.

Nyumbayi inamangidwa chifukwa cha maliro. Kale zonyansa za mzindawu zinkathiridwa mu Thames, momwemonso anthu ankatungamo madzi akumwa, ndipo kolera inapha anthu zikwizikwi. Mu 1854 dokotala John Snow anaonetsa kuti odwala a ku Soho ankamwa pa mjigo umodzi wa mu Broad Street. Mu 1858 mtsinje unanunkha mpaka aphungu a nyumba ya malamulo anasowa pokhala. Apo m'pamene Joseph Bazalgette anapatsidwa ntchito yokumba ngalande zapansi zotengera suweji kutali ndi mzinda.

Komabe poyamba madziwo sankayeretsedwa. Ankangowasunga n'kuwatsegulira mumtsinje mafunde akamabwerera kunyanja. Mu 1878 sitima yapamadzi ya Princess Alice inamira chapafupi pomwepo, m'madzi odzaza zonyansa, ndipo anthu oposa 600 anafa. Zaka zotsatira anamanga matanki oti zonyansa zizidikha madzi asanapite mumtsinje.

Matanki oterewa ndiwo mtima wa ntchitoyi mpaka lero, ku Crossness ndi kwina konse. Nzeru yake mayi aliyense amaidziwa: madzi amatope ukawasiya mu ndowa, matope amakhala pansi. Thanki yozungulira imalandira madzi pakati, ndipo amayenda pang'onopang'ono kulowera m'mphepete. Matope amamira. Mkono wachitsulo umazungulira usana ndi usiku, mwaulesi, kukokera matopewo ku dzenje la pakati. Madzi oyera amasefukira pa chitsulo cha mano ngati a sowo n'kugwera m'kangalande kozungulira thankiyo.

Vuto limabadwira pa mano amenewo. Pamene pali dzuwa, madzi ndi chakudya, ndere sizichedwa kumera. Zikatseka mano ena, madzi amathamangira kumano otsala n'kukoka matope omwe akanamira. Zikathothoka zimapita ndi madzi, ndipo komwe amaphera majeremusi ndi nyali za UV zimaphimba nyalizo. Kwa zaka zambiri wantchito ankalowa m'kangalandeko ndi burashi ndi paipi ya madzi, kupala ndere poterera, thanki yakuya ili pambali pake. Akamaliza, pakangopita masiku ochepa zameranso.

Masiku ano malo ambiri oyeretsera madzi amamangirira maburashi kumapeto kwa mkono wozungulira uja. Masipuling'i amawakanikizira ku khoma ndi ku mano, ndipo mkono ukamazungulira kukoka matope, maburashi amasesa. Ena amaika timipopi topopera madzi mwamphamvu, ena amavindikira kangalandeko kuti dzuwa lisafikemo. Burashiyo ilibe mphamvu zambiri. Imapambana chifukwa imadutsa pamalo omwewo kambirimbiri tsiku lililonse, ndere zisanagwire. Wantchito amangoyang'anira ndi kusintha maburashi akatha, ali pouma.

Titaima m'mbali mwa Thames tinakumbukira kwathu, kumene kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700. Matenda omwe anamangitsa Crossness akadali pakhomo pathu. Ndipo lamulo lake si lachilendo: mu Deuteronomo 23 Mulungu analamula Aisraeli kukhala ndi malo kunja kwa msasa ndi chokumbira chokwiririra zonyansa, chifukwa Iye amayenda pakati pawo.

Pakhomo tilibe mkono wachitsulo, koma tili ndi manja. Chimbudzi chizikhala ndi chovindikira ndipo chizikolopedwa tsiku ndi tsiku, osadikira Lachisanu pokonzekera Sabata. Ndowa ya madzi akumwa izitsukidwa isanayambe kuterera mkati. Sopo azikhala pafupi ndi chimbudzi. Amene tili ndi zimbudzi zamadzi tisamathiremo mafuta ophikira kapena matewera, chifukwa zimakatseka mapaipi ndipo pali munthu amene amalowamo kukazichotsa.

Pobwerera ku Abbey Wood, mwana wina wa m'gulu lathu anafunsa ngati mkono uja umapuma pa Sabata. Tinamuuza kuti ayi, ndipo chifukwa cha iwo pali wantchito wina amene angathe kupuma.