Bokosi kapena malegeni?

Ndaima pa Biwi Triangle kudikira kuti andikungire tcheni, mnyamata wina amene wangogula kumene njinga yamoto ya Boxer akufunsa anzake: ndiyambe ndi bokosi lokhoma lija lakumbuyo kapena chikwama? Mkulu wina wa kabaza, helemeti ili m'manja, akungoseka: "Mphwanga, yamba wagula malegeni."

Sananametu. Bokosi ndi labwino mvula ikayamba, mapepala ndi laputopu zimafika zouma, umakhoma n'kulowa mumsika mtima uli m'malo. Koma likakhala pa kaliyala, thumba la ufa lochokera kuchigayo ulikhazika pati? Ndiye mabampu a ku Chinsapo aja, mabawuti amamasuka, bokosi n'kumangosokosa kumbuyo ngati chitini cha miyala. Chikwama chakumsana nacho, dzuwa la Okutobala, pofika ku Area 25 malaya ali thukuta lokhalokha, mapewa akuwawa.

Malegeni a chubu chakutha amamanga chilichonse, kreti, kabichi, ngakhale nkhuku, kungoti akapsa ndi dzuwa amaduka osatsanzika.

Inu oyenda pa njinga yamoto tsiku ndi tsiku, munayamba ndi chiyani?