Nzeru za Munthu Amene Analephera

Pa sukulu pano tili ndi chizolowezi chofunsa nzeru kwa iwo okha amene anakhoza. Akabwera mnyamata amene anachita bwino pa mayeso a MSCE timamzinga tonse, ndipo iye amangoti, "Limbikirani." Mau amenewa ndi abwino ndithu, koma sathandiza kwenikweni, pakuti wokhoza kawirikawiri sadziwa chimene chinamkhozetsa. Ine ndiganiza kuti munthu amene analephera, nabwereza, nakhoza, adziwa zambiri, chifukwa njira zonse ziwiri anaziyenda ndi mapazi ake. Wotereyu alipo kwathu ku Nselema, ndiye achemwali anga aakulu.

Iwo anaphunzira unamwino ndi uzamba zaka zitatu, ndipo ndalama zake zinachokera ku nandolo, mpunga ndi mbuzi za bambo. Tsono inu anzanga amene mufuna ntchito imeneyi mudziwe kuti kutsiriza ku koleji si mathero. Pali mayeso ena a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo wopanda chiphaso chao saloledwa kugwira ntchito ya unamwino m'dziko muno. Pa mayeso amenewa achemwali anagwa. Chowawa chinali chakuti amayi a pamsika anali atayamba kale kuwaitana kuti "adokotala," ena kuwaonetsa ana odwala panjira. Anakhala milungu ingapo osapita ngakhale ku chigayo.

Pa tchuthi ndinawapeza atayambanso kuwerenga, koma mwa njira yachilendo, pakuti buku linali lotseka. Ndinafunsa kuti, "Kodi achemwali, muwerenga bwanji buku lili chitsekere?" Iwo anati, "Achimwene, chaka chatha ndinaliwerenga kasanu, ndipo tsamba lililonse ndinkalizindikira monga nkhope ya mnansi. Koma kuzindikira nkhope si kudziwa dzina. M'chipinda cha mayeso mulibe buku lokukumbutsani." Chotero ankawerenga mutu umodzi, natseka, nalemba pa pepala zonse zimene akumbukira, atatero ankatsegula nayika chizindikiro pa zimene zasowa. Zosowazo ndizo ankayamba nazo m'mawa mwake, nabwererakonso patapita masiku atatu, ndiponso patapita mlungu. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndi yochititsa manyazi, chifukwa tsiku ndi tsiku imaonetsa munthu umbuli wake. Kuwerenga chabe kumakoma popeza kumatinyenga kuti tadziwa.

Nditafotokozera aphunzitsi athu a Biology, anati zimenezi si zatsopano. Munthu wa ku Germany, dzina lake Hermann Ebbinghaus, ankaloweza timau topanda tanthauzo nadziyesa yekha pa nthawi zosiyanasiyana, ndipo mu 1885 analemba kuti zambiri zimene tiphunzira zimathawa msanga, m'maora oyamba ndi tsiku loyamba, pambuyo pake kuiwala kumayenda pang'onopang'ono. Ngati ndi tero, anzathu aja amene amasunga notsi za Fomu 3 mpaka mwezi wa mayeso, nachezera usiku wonse mapazi ali m'beseni la madzi ozizira, akutunga madzi ndi dengu.

Koma chimene chinawapweteka koposa sichinali kuiwala ai. Anandiuza za funso lina lofuna zizindikiro za mwana amene madzi amthera m'thupi chifukwa cha kutsegula m'mimba. Nkhani imeneyi anaidziwa bwino, monga aidziwa anamwino onse a kuno, pakuti kolera amabwerabwera m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo mliri waukulu uja wa 2022 unayamba kuoneka m'boma lathu lino la Machinga. Poona funsolo mtima unakondwa, dzanja linathamanga. Analemba masamba awiri za kusungunula paketi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi abwino, za kumwetsa mwana pang'onopang'ono, za kupitiriza kuyamwitsa. Zonsezo zinali zoona, koma sizinafunsidwe. Wofunsa anafuna maso olowa, liwombo lolowa, ludzu, kufooka, ndi khungu losabwerera msanga likatsinidwa. Mizere isanu ikanakwana. Ndipo nthawi imene anataya pamenepo inasowa pa funso lotsiriza, limene analisiya lopanda kanthu.

Chifukwa chake tsopano amati funso liwerengedwe kawiri cholembera chili pansi, ndipo munthu apeze mau amene alamula. "List" afuna maina okha, "describe" afuna maonekedwe a chinthu, "explain" afuna chifukwa chake. Ife amene Chingerezi tinachipeza kusukulu, kunyumba tilankhula Chiyao kapena Chichewa, timau timeneti timatidumpha monga topanda ntchito, chikhalirecho ndi timene tigwira malikisi. Za nthawi anachita masamu. Tinene kuti pepala ndi la maora atatu ndipo malikisi ndi 100: mphindi zili 180, ndiye kuti funso la malikisi 10 lisapitirire mphindi 18, ngakhale mulikonde chotani. Loweruka lililonse ankakhala pa khonde ndi wotchi ya bambo nayankha mapepala a zaka zapitazo, ndipo ine ndinali woyang'anira. Nthawi ikatha ndinkalanda pepala, ngakhale anali akulu kwa ine. Tsiku lina tinakangana mpaka mayi anatuluka kukhitchini.

Sanayambirenso maphunziro onse kuchokera pachiyambi, monga ena anawalangiza. Mitu imene ankaikonda anaipatsa nthawi yochepa, ndipo masamu a kayezedwe ka mankhwala, amene kale ankawazemba, anawaika m'mamawa mutu usanatope. Apa mpamene ife tiyenera kumva, chifukwa pa MSCE munthu angapeze 1 kapena 2 m'maphunziro ena, koma akapeza 9 m'Chingerezi satifiketi palibe. Komabe pa pulepu muona ambiri atagwira phunziro limene alidziwa kale.

Achemwali analembanso nakhoza, ndipo tsopano agwira ntchito pa chipatala china chaching'ono cha kumudzi. Mapepala ao aja odzaza zizindikiro zofiira anandipatsa, ali m'sutikesi mwanga ku hositelo. Ife anayi a Fomu 4 tayamba kukumana Loweruka masana kuseri kwa laibulale, mmodzi agwira wotchi, atatu alemba. Malo alipo a ena awiri, koma abwere ndi mapepala aoao.